Malume Apukuta Chifunga

Titalowa m'chifunga, mawindo a kandege kanga anayera ngati tawamata thonje.

"Wapendekera kumanzere," anatero malume, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu. "Ndikumva m'chiunomu."

"Mumtambo chiuno chimanama, malume. Timivi ta pamawotchi awa ndi timene tikundilondolera kubwalo, ndipo tikuti tili bwino."

"Ine wotchi ya liwiro inali yakufa zaka zonsezo, koma ndinkafika."

Ndinawauza kuti tikatsika kufika pamlingo wololedwa osaona magetsi a bwalo, ndikwezanso ndege n'kukatera kwina. Ukwati umene ankapita kukalankhulako uchitika iwo kulibe.



Ine maso anali pa timivi, ndikuwerenga mamita otsala. Malume anasolola kampango m'thumba la jekete, n'kuyamba kupukuta galasi mwaukatswiri, ngakhale chifungacho chinali kunja.

Nthawi yomweyo magetsi anatulukira patsogolo pathu, atandanda bwinobwino. Matayala anakhudza pansi mwaulemu.

Malume anapinda kampango kawo mosathamanga.

"Usadandaule, mphwanga," anatero. "Sindikauza aliyense kuti zinakuvuta."