Kanema wa Ukwati wa Mwana wa Nkhanga

Padangokhala, tili tonse, Chiswe ndi Nkhono, akatswiri okonza kanema. Mayi Nkhanga ankakwatitsa mwana wawo, ndipo ankafuna kanema aonetsedwe alendo asanabalalike. Awiriwa analimbirana ntchitoyo.

"Kompyuta yanga ndi chulu chenicheni," anatero Chiswe. "Ikachepa mphamvu ndimangoitsegula n'kuwonjezera chipinda. Kanuko, achimwene, kakakalamba n'kotaya."

"Yanuyo inayamba yaonapo dzuwa?" anafunsa Nkhono. "Kanga ndimabereka kumsana, ntchito ndimamalizira pomwepo."

Mayi Nkhanga anati onse abwere, wopambana azijambula maukwati onse a m'nkhalango.

Tsiku litafika, Chiswe anakankha chulu chake mpaka thukuta kamukamu, koma sichinasunthe. Anatumiza uthenga: "Akwati adzavinire pakhomo panga." Nkhono ananyamuka m'mamawa, koma anafika mkwatibwi akufungatira kale mazira.

Mwamwayi Mleme anali atajambula zonse pa foni, ali chizondokere padenga. Kanemayo anatulukanso chizondokere.

Mayi Nkhanga amaonerabe ukwatiwo mutu uli pansi, miyendo m'mwamba. N'chifukwa chake nthenga za kumutu kwawo zinathothoka zonse.

Yathera pano, wongolani makosi.