Thumba la Mchenga mu Paipi ya Suweji

Panali munthu wina, anzake ankamutchula kuti Shasha, amene ankalima ndiwo zamasamba kuseri kwa tauni, pomwe pamadutsa paipi ya zoipa za m'zimbudzi. Chilimwe chitafika povuta, chitsime chake chinauma. Iye anatsegula chivundikiro cha paipi ija n'kuponyamo thumba la mchenga. Madzi a suweji anasefukira m'dimba, masamba n'kubiriwira ngati ndi dzinja.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ankagwira ntchito kumadamu oyeretsera madzi a suweji. Ataona kuti madzi akufika ochepa, analondola paipi mpaka anapeza thumba lija.

"Alamu, izi ayi," anatero. "Kwathu madzi amadutsa damu ndi damu, zoipa zimadikha pansi, dzuwa limapha tizilombo. A m'damu lomaliza ndiye othirira, ndipo timapereka ulere. Ngakhale manyowa timayamba tawayanika. Bwerani ndi ngolo mudzatunge."

"Ndikankhe ngolo mtunda wonsewo madzi ali pakhomo? Anthu akugula, wadandaula ndani?"

Mlamu anachotsa thumba, n'kusunga pakamwa poopa kuyalutsa banja la mlongo wake. Kutacha Shasha anaponyamo lina.

Musaganize kuti mkuluyu anali mbuli ayi, unali mtima woipa basi. Masamba akewo kunyumba kwake sankalowa. Iye ankauza mkazi wake kuti za geni sizidyedwa, azikagula kumsika.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, yekhayo, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika kuchipatala maso anali atalowa m'kati, ndipo anamuika dripi. Namwino atafunsa zomwe anadya, mayi ake anati kabichi wosaphika ndi tomato.

"Munagula kwa ndani?" anafunsa Shasha.

"Kwa mayi aja a pageti la msika. Bwanji?"

Shasha anangodzuka n'kutuluka panja. Mayi a pageti aja ankaoda masamba kwa iye m'mawa uliwonse.

Mkazi wa Shasha sanali mwana. Anaimbira mchimwene wake kuti akudabwa, ndipo mchimweneyo anaulula zonse. Mwana atangoyamba kumwa madzi yekha, mayiyo anamusiya ndi mng'ono wake, n'kutenga khasu ulendo wa kudimba, dzuwa likuswa mtengo. Anayamba kugalauza mabedi a kabichi mwamuna wake akuona.

"Mayi a mwana, mwapenga kodi? Tidya chiyani?"

"Mudye kabichi wanuyu. Bwanji simunkamudya?"

"Tsitsani mawu. Izi zikamveka kumsika, ukwati watha."

"Uthe. Wanga wagona pa dripi, ndipo pabedi loyandikana naye pali mwana wa mayi wina amene sanakulakwireni kanthu. Mukufuna ndikusungireni chinsinsi chimenecho? Ine ayi."

Anagalauza dimba lonse osasiya ndi phata limodzi. Atachoka apo anakaima pageti la msika, matope ali m'miyendo, n'kuuza ogulitsa onse zomwe mwamuna wake ankathirira. Ena anamunena kuti mkazi wanji woyalutsa mwamuna. Ine ndikuti akanachedwa, ana enanso akanadwala.

Mwana wawo anachira. Wa pabedi lina uja sanabwererenso kwawo.

Phunziro: Choipa chitsata mwini, koma panjira chimapweteka ndi osalakwa omwe. Madzi a suweji ndi chuma akayeretsedwa, osayeretsedwa ndi imfa. Chomwe simungapatse mwana wanu musagulitse kwa mwana wa mnzanu, ndipo wochita izi musamubise ngakhale mumagona naye nyumba imodzi. Tumizirani ena uthengawu, makamaka a madimba ndi a kumsika.