Adokotala Awalola

Mayi Odile ankasita zovala pamene mwana wawo Corinne analowa osagogoda.

"Amayi, ndawapeza abambo kubala ija yogulitsa mowa ndi nkhono zam'nyanja, kudera la French Quarter. Akumeza zaziwisi, botolo la vinyo lili pambali."

"Ndi chiwindi chawo chija? Adokotala anati yaiwisi imodzi yokha ikhoza kuwapha. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwawiritsira chakudya ngati khanda."

"Ndawakumbutsa, koma angoseka. Akuti adokotala awalola lero, adye chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Ndiye kuti achira, eti?"

Mayi Odile anaimika simbi. Amuna awo, a Lucien, anachoka m'mamawa kukamva zotsatira za kuchipatala, ndipo anakana kuperekezedwa.

"Ali ndi ndani?"

"Ali okha. Akugulira aliyense, ngakhale wantchito wotsegula zigoba za nkhonozo. Akuti mubwere."

"Ndikabwera, izi asita ndani?" Anakankhira zovalazo pambali. "Pita kuchipinda, unditengere suti yawo yakuda ya kumaliro ija."

"Ya chiyani, amayi?"

"Yakwinyika. Tangotenga, iwe."

Corinne ataibweretsa, Mayi Odile anaiyala bwinobwino pathebulo, nayamba kuisita kuyambira kukolala.