Madzi Oyera a Kakowa

Padangokhala, ndipo khalani nane, dambo lina kumunsi kwa tauni, momwe paipi inkathira madzi osefedwa ochokera m'zimbudzi. Woyang'anira madziwo anali Kakowa, ndipo lamulo lake linkaletsa zinthu ziwiri zokha, matope ndi fungo.

Tsiku lina Chule, uja amamwa madzi kudzera pakhungu lake, anabwera akudzandira ngati wolota.

"Bambo Kakowa, m'madzimu muli kanthu. Ana anga akusambira chagada, ine ndikuiwala nyimbo."

"Kanthuko dzina lake n'chiyani?"

"Kaya. Mwina ndi mapiritsi amene anthu amamwa n'kukodza."

"Nanga kopanda dzina ndingakaletse bwanji?" Kakowa anasuzumira m'madzi n'kuona nthenga zake zili mbee. "Taonani nokha, madziwa ndi oyera!"

Achule ambiri anayamba kuwodzera dzuwa lili paliwombo, ndipo Kakowa ankangowatola n'kumameza, mtima uli m'malo. Koma tsiku lina, ataima ndi mwendo umodzi, anaona dambo likupendekeka, mitambo ikusambira pansi pake, iye n'kugwera m'madzi pang'onopang'ono.

Chule anamuyandikira akuyasamula. "Bambo, dzina lija mwalipeza?"

Kakowa anatsegula mlomo kuti ayankhe, koma anali ataiwala ngakhale lake lomwe.