Mchira wa Hatchi Yanga

Mchira wa hatchi unathothoka woweruza mpikisano wa zopangapanga ali pafupi kufika patebulo langa.

Chimalizireni mayeso, ndinatha chilimwe chonse ndikupanga kagaleta aka: kanyumba kachitsulo kozungulira, kamfuti kakusuzumira pabowo, hatchi patsogolo, ngati zomwe asilikali akale ankakokera kunkhondo. Konseko kokwana m'manja. Amalume a Laison anandiuza kuti guluu amafunika agone kaye. Ine kudikira mawa? Ndinamata mchirawo m'mawa womwewo n'kuthamangira basi yopita kumpikisano ku Tipton. Tsopano ulusi wake unali utapita ndi nsapato za anthu muholo ya chionetsero.

Woweruzayo sankandiopsa kwenikweni. Wondiopsa anali Callista wa kukwaya, amene ndinamuitana mwachibwibwi, ndipo anabweradi.

"Iyi ndi hatchi kapena mbuzi?" anafunsa akuseka.

"Usaseke, aise. Ndathera pompano."

"Sizasi uli nayo?"

Ndinamupatsa. Anagwira nsonga ya tsitsi lake la meshi, lomwe analukitsa dzulo lake ku Sparkhill, n'kudula osaphethira.

"Amayi ako akakupha!"

"Mata msanga, iwe!"

Zala zathu zinakumana pa kadontho ka guluu, tonse titapanikiza kamchira kofiirira. Woweruza anafika, nawerama, nayang'ana kamfuti, kenako ife. Ananena m'Chingelezi kuti tisasiye, tigwirebe choncho mpaka guluu aume, abweranso.

Callista ankanunkhira mafuta a kokonati. Koyamba m'moyo wanga, ndinapempherera guluu kuti achedwe kuuma.