Maere a ku Maka

Holo ya khonsolo inadzaza mpaka pamasitepe, ndipo fungo la mafuta a kudoko linkalowera pamawindo monga mwa masiku onse. Linali tsiku la maere. Ofuna kupita ku Maka analipo mazanamazana, koma malo anali khumi ndi awiri basi.

Zineb anakhala pambali pa mlamu wake Hadda, kumbuyo kwenikweni kwa Tahar. Amayi awiriwa sanalembetse n'komwe. Ankabwera chaka ndi chaka kudzaonerera nkhalambayo ikugwa chagada.

Tahar ameneyu ndiye anali kapitawo nthawi imene kampani ya mafuta inathamangitsa asodzi n'kumanga matanki pagombe. Ndiye anatuma Lakhdar, mlongo wake wa Zineb, mwamuna wa Hadda, kuti akatsuke thanki mpweya woipa usanathemo. Thanki inaphulika, Lakhdar n'kufera momwemo. Kenako, m'nyumba yomweyi, pamaso pa akuluakulu, Tahar analumbira kuti Lakhdar anayatsa fodya. Lakhdar, munthu woti utsi wa mbaula womwe unkamutsokomoletsa! Papita zaka makumi atatu, koma m'tauni muno ana ake akutchedwabe ana a uja wa fodya.

"Taonani khosi lakelo, alamu," ananong'ona Zineb. "Lanenepa ndi bodza."

Zala za Hadda zinali pa mikanda ya mapemphero, milomo ikuyenda, maso ali pa nkhongo ya Tahar. Zineb ankalidziwa pemphero limenelo. Linali litagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi zimene Tahar anakhala akulembetsa, ndipo iye anaikapo lake chamumtima: Mulungu, galu uyu asadzapondeko ku Maka.

Kalaliki anazunguza mgolo wa timapepala n'kuyamba kuitana. Dzina loyamba linali la mphunzitsi wopuma. Lachiwiri, la mayi wogulitsa buledi. Akatchula dzina la wina, Zineb ankapumira m'mwamba. Anafika pa khumi ndi limodzi. Kalaliki anapisa dzanja komaliza, n'kukonza magalasi.

"Tahar Meziane!"

Ana ake aakazi anaimba nthungululu mpaka nkhunda za padenga zinabalalika. Tahar anagwada n'kugunditsa chipumi pansi, ndipo anthu anayambiratu kumutchula kuti Haji. Zineb mtima unamuwira. Atacheuka anapeza Hadda wafunda kumaso ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"Pepani alamu, musalire pamaso pa anthuwa," anatero Zineb mwaukali. "Chaka chino Mulungu sanatimve. Munthu wopha mnzake akavale nsalu yoyera, pobwera tizimupsompsona pamutu? Bola kufa ine!"

Hadda anachotsa mpango. Sankalira ayi. Ankaseka.

"Iwe Zineb, zaka zonsezi umayesa ndimapempha chiyani? Ndimapempha kuti dzina lakelo lituluke ndikadali moyo. Wopita ku Maka sanyamuka asanagogode pakhomo pa aliyense amene anamulakwira. Abwera kwathu yekha, ndi miyendo yake. Anena ndi pakamwa pake chimene anachita, ana anga akumva, kenako apempha chikhululuko."

"Ndiye mumukhululukira?"

"Ndimuyalira mkeka, ndimupatsa khofi," anatero Hadda akudzuka. "Akamaliza kumwa, ndimuuza kuti ayi."