Tomato wa Pachipata

"Masiku sikisi, bwana!" dalaivala wa lole anamenya windo la ofesi ya pachipata cha m'malire. "Kodi mayiko athu sanagwirizane kuti pa mliri uno malole a chakudya azidutsa osachedwetsedwa?"

"Mtima pansi. Zotsatira zanu zafika, mulibe matenda," anatero ofesala, akukonza masiki yake. "Tiyeni tikaone katundu."

Dalaivala atakweza lona, ntchentche zinangoti wuu! Madzi a tomato anali chuchuchu kuchoka m'mabokosi mpaka pamatayala.

Ofesala uja anagwira mphuno n'kubwerera m'mbuyo.

"Pepani achimwene, mzere wachanguwu ndi wa chakudya chokha. Ichi si chakudyanso. Kaimeni kumbuyo kwa malole a simenti."